Fodya wosayaka: mpumulo kwa wosuta kapena chenjezo kwa mlimi wa ku Mchinji?

Dzuwa lapendeka pa chipata cha Mwami, pomwe dziko la Malawi limakumana ndi la Zambia. Mathiraki andandalika m'mbali mwa msewu, madalaivala akudikira mapepala. Anyamata a kabaza akulimbirana makasitomala, amayi akutsatsa nthochi ndi mtedza wokazinga, ndipo pa chiwaya mafuta akuwira.

Pansi pa mtengo pali kabenchi ka geni. Pali masiwiti, mayunitsi, machesi ndi mapaketi a ndudu otsegula kale.

Pano paketi sagula yathunthu. Amagula imodziimodzi.

Dalaivala wina afika, apereka ndalama, asolola ndudu, akhwatcha machesi. Posakhalitsa utsi uli tolotolo. Chapatali pang'ono mdala wina wang'amba kapepala ka nyuzi, wafikisa masamba ouma m'manja, akupichira chingambwe chake mosathamanga.

Anthu awiriwa ndi osiyana thumba, koma onse akudalira chinthu chimodzi.

Moto.

Chiyambireni, kusuta fodya kwayendera limodzi ndi moto. Koma lero makampani akuluakulu a fodya padziko lapansi akuti moto watha ntchito. Apanga tizipangizo toyendera batire totenthetsa fodya popanda kumuyatsa, ndipo akuti ndilo tsogolo la kusuta.

A Malawi amene amapita ku Joni amationa m'mashopu a kumeneko, pakuti ku South Africa tidayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2017. Achinyamata amationa pa Facebook ndi TikTok. Nkhani yake yayamba kumveka m'mabala ndi m'maminibasi.

Ku Mchinji nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Boma lino lili ndi osuta fodya, komanso lili ndi olima fodya. Kachipangizo kameneka kakukhudza onsewa, aliyense mwa njira yake.

Kodi n'kachiyani?

Maonekedwe ake ngati cholembera chonenepa, kapena kabokosi kokwana m'chikhatho. M'kati muli batire yotchaja ngati ya foni. Wosuta amalowetsamo kandodo kakafupi ka fodya, nadina batani, n'kudikira pang'ono kuti katenthe.

Kandodoko sikopangidwa ndi masamba odulidula ngati a mu ndudu. Fodya amamupera, kumusakaniza ndi madzi, glycerine ndi zina, kenako kumuumba ngati pepala n'kumupinda.

Ndudu ikayaka, nsonga yake imatentha kupitirira madigiri 600, ndipo munthu akamakoka imafika cha m'ma 900. Kachipangizoka sikapitirira madigiri pafupifupi 350. Fodya amatentha koma salilima. Phulusa palibe. Chotuluka ndi nthunzi yonyamula chikonga, kapena kuti nikotini, chomwe ndi chija chimabweretsa chibaba.

Pakatha mphindi zisanu ndi imodzi, kapena munthu akakoka maulendo 14, kachipangizo kotchuka kwambiri kamazima kokha. Kandodo kotha ntchito amataya.

Ambiri amatisokoneza ndi mavepu, aja achinyamata a m'tauni amasuta onunkhira zipatso. N'zosiyana. Mu vepu mulibe tsamba la fodya, muli timadzi tosakaniza ndi chikonga. Mu kachipangizo kotenthetsa muli fodya weniweni.

Kampani ya Philip Morris International, eni ake a ndudu za Marlboro, ndiyo idatchukitsa malondawa. Idatulutsa IQOS m'chaka cha 2014 mumzinda wa Nagoya ku Japan komanso wa Milan ku Italy. Kampani ya British American Tobacco idatsatira ndi glo mu 2016 mumzinda wa Sendai, ku Japan komweko. Nayo JTI, yomwe alimi a m'Malawi amaidziwa bwino kudzera m'makontirakiti, ili ndi kake kotchedwa Ploom.

Mayinawa si achilendo kwa mlimi wa fodya. Tsamba lake lakhala likuthera m'mafakitale a makampani omwewa.

Zonena za ogulitsa

Mfundo ya makampani ndi yosavuta kumva. Iwo akuti chopha anthu kwambiri si chikonga, koma utsi. Fodya akayaka, mu utsi wake mumapezeka mitundu ya mankhwala yoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iyo ndi yoyambitsa khansa. Chotsani moto, akutero, ndipo poizoni wambiri achoka nawo.

Philip Morris imanena kuti nthunzi ya IQOS ili ndi mankhwala oopsa ochepa ndi 90 mpaka 95 peresenti poyerekeza ndi utsi wa ndudu.

Imalozanso ku Japan. Kumeneko malonda a ndudu atsika kwambiri chiyambire 2016, pamene malonda a fodya wotenthetsa akwera. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti malamulo a ku Japan salola kugulitsa timadzi ta vepu tokhala ndi chikonga, choncho tizipangizoti tidapeza msika wopanda mpikisano.

Mu Julayi 2020 bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, lidalola kampaniyi kuuza anthu kuti wosiyiratu ndudu n'kuyamba IQOS amalowetsa m'thupi mankhwala oopsa ochepa.

Mawu amenewa otsatsa malonda amawakonda.

Koma pali mbali ina yomwe satchula kawirikawiri. Bungwe lomwelo silidalole kampaniyi kunena kuti kachipangizoka kamachepetsa matenda kapena imfa. Lidati umboni wa zimenezo sudakwane, ndipo lidanenetsa kuti palibe fodya wabwino.

Zonena za madokotala

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidayankha mwachindunji mwezi womwewo. Lidati kuchepa kwa mankhwala ena oopsa sikutanthauza kuti chinthucho n'chosavulaza, ndiponso sikutanthauza kuti matenda achepa. Lidaonjeza kuti mu nthunziyi muli mankhwala ena ochuluka kuposa mu utsi wa ndudu, ndi ena amene mu nduduyo mulibe.

Mu 2017 akatswiri a ku Switzerland, osadalira ndalama za makampani a fodya, adapima nthunzi ya IQOS. Adapezamo mitundu ya poizoni yomwe imapezekanso mu utsi wa ndudu, kuphatikizapo mpweya wa carbon monoxide, ngakhale kuti yambiri inali yocheperapo.

Mu 2022 gulu la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, lidasonkhanitsa zofufuza za tizipangizoti. Lidapeza zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa. Choyamba, zoyesa zonse zikuluzikulu zomwe lidaziona zidalipiridwa ndi makampani a fodya. Chachiwiri, panalibe ngakhale chimodzi chomwe chidaona ngati tizipangizoti timathandiza munthu kusiya kusuta.

Khansa ya m'mapapo imatenga zaka makumi awiri kapena atatu kuti ionekere. Tizipangizoti tangokwanitsa zaka khumi ndi pang'ono pa msika. Oyamba kutigwiritsa ntchito ndi amene akuyeseredwa.

Ndipo chikonga chili momwemo, chochuluka mokwanira kumanga munthu. Chimathamangitsa mtima, chimakweza magazi, chimasokoneza kakulidwe ka ubongo wa achinyamata ndiponso chimavulaza mwana wosabadwa.

Palinso vuto la pakhomo. Tindodo, kapena kuti timitengo ta fodya, ta mtundu watsopano wa IQOS tili ndi kachitsulo kakuthwa m'kati. Pa paketi pake pamalembedwa chenjezo lakuti mwana akameza akhoza kuvulala m'mimba.

Choncho yankho lachilungamo ndi ili. Munthu amene wasiyiratu ndudu n'kutembenukira ku kachipangizoka mwina akupuma poizoni wochepa. Koma sadasiye fodya. Ndipo amene akuphatikiza ziwirizi, ndudu kumowa, kachipangizo kunyumba, palibe umboni wakuti wapulumukapo kanthu.

Wosuta wa ku Kamwendo

Tsikani minibasi pa Kamwendo tsiku la msika, kapena pitani ku Kapiri, Mkanda ndi Waliranji. Onani amene akusuta.

Ambiri ndi abambo a ntchito zamanja: otchova njinga, onyamula katundu, aganyu, oumba njerwa, alimi. Ambiri adayamba ali anyamata, polishya ng'ombe kapena pothandiza makolo m'chigafa. Fodya sadachite kumufuna kutali. Adamupeza pakhomo.

Azimayi sasuta poyera kawirikawiri, koma agogo ambiri ali ndi kabotolo kawo ka fodya wofwenkha kapena woika kukamwa, komangirira pa nsonga ya chitenje.

Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene unduna wa zaumoyo udachita pamodzi ndi WHO mu 2009 adapeza kuti akuluakulu 14 mwa 100 alionse m'Malawi amasuta. Pakati pa amuna, anali mmodzi mwa anayi.

Kwa anthu amenewa, kachipangizo kotenthetsa fodya kali kutali.

Mtengo wa kachipangizo kokha ungagule ndudu mazanamazana za imodziimodzi. Ukagula, uyenera kumagulanso timitengo take nthawi zonse, ndipo nthawi zambiri timitengo ta kampani ina sitilowa m'kachipangizo ka kampani ina. Chingambwe cha kumunda sungaikemo. Zonsezi n'zochokera kunja, zofuna madola, m'dziko lomwe ndalama zakunja zikusowa ngakhale zogulira mafuta a galimoto ndi feteleza.

Kenako pali nkhani yotchaja. Boma la Mchinji lili ndi anthu oposa 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri amakhala m'midzi yomwe magetsi a ESCOM sadafike. Foni yokha amakatchajitsa kwa mwini sola, molipira.

Amene angakwanitse kugula ndi ena: ochita bizinesi za m'malire, ogwira ntchito m'maofesi, ana a mabanja opeza bwino. Apa ndi pamene pagona nkhawa. Ambiri mwa iwowa sasuta n'komwe. Chinthu chonyezimira, chosanunkhitsa zovala, chooneka chapamwamba, chingakope mtsikana kapena mnyamata amene ndudu sakanaigwira.

Zikatero, kachipangizoka sikadapulumutse munthu. Kabweretsa kasitomala watsopano.

Pamene zili chonchi, wosuta wa chingambwe akupitiriza kutsokomola. Chifuwa chikakula amapita ku chipatala cha boma cha Mchinji, ndipo zikavuta amamutumiza ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo kusuta ndi chimodzi mwa zoiyambitsa. Kusuta kumakulitsanso chifuwa chachikulu.

Padziko lonse fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Ena mwa iwo sadasutepo. Adangopuma utsi wa anzawo.

M'chigafa

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ili kumunda.

Chaka cha mlimi wa fodya sichikhala ndi tchuthi. Nazale amafesa kukadali chilimwe, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa awokera. Kenako kupalira, kuthira feteleza, kudula nsonga, kuphata mphukira. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi, njala itafika pachimake, ndi pamene banja lonse lili kalikiliki kuthyola, kusoka ndi kupachika masamba m'chigafa.

Masamba akauma, kusankha magiredi. Kenako kudinda mabelo pa jeke, kufuna galimoto, n'kudikira kuti belo lifike ku okushoni ya ku Kanengo msika ukatsegulidwa mu Epulo.

Fodya wa bale ndiye mwini dera lino. Kale ankalimidwa m'maesiteti okha, chifukwa lamulo linkaletsa alimi ang'onoang'ono. Chiletsocho chitachoka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zigafa zidamera m'midzi yonse ya kwa Mkanda, Mavwere, Zulu, Dambe ndi Mlonyeni. Nyumba zambiri za malata, ngolo, njinga zamoto ndi fizi ya ana zidachokera m'mabelo.

Kutsidya kwa malire zili chimodzimodzi. Alimi a ku Chipata ku Zambia ndi a ku Angonia ku Mozambique, olankhula chinenero chomwechi, nawonso amadalira tsamba lomweli.

Dziko lonse limadalira. Fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zomwe dziko la Malawi limapeza pogulitsa katundu. Mu 2024 alimi adagulitsa makilogalamu pafupifupi 133 miliyoni, omwe adabweretsa madola oposa 390 miliyoni.

Tsono funso lofunika kwa mlimi ndi ili: kodi kandodo kotenthetsa kamadya fodya wochuluka bwanji?

Wochepa. Pafupifupi theka la amene amalowa mu ndudu imodzi.

Munthu aliyense ku Tokyo, Rome kapena Warsaw amene wasiya ndudu n'kuyamba timitengo, wachepetsa tsamba lomwe kampani iyenera kugula. Mavepu ndi timapaketi ta chikonga toika kukamwa, monga ZYN ndi Velo, timafuna tsamba lochepa kuposa pamenepo.

Makampani sakubisa komwe akulowera. Philip Morris yaika madola oposa 10 biliyoni pa zinthu zosatulutsa utsi chiyambire 2008. Idalengeza kuti kumapeto kwa 2023 IQOS idapitirira Marlboro pa ndalama zomwe imabweretsa. Cholinga chake n'chakuti pofika 2030 magawo awiri mwa atatu a ndalama zake azichokera ku zinthu zimenezi.

Nawonso osuta akuchepa. WHO ikuti m'chaka cha 2000 munthu wamkulu mmodzi mwa atatu padziko lapansi ankagwiritsa ntchito fodya. Pofika 2022 anali mmodzi mwa asanu.

Izi sizikutanthauza kuti okushoni itsekedwa mawa. Osuta ndudu akadali pafupifupi biliyoni imodzi, ndipo zaka zina mitengo ku Kanengo imakoma ndithu. Koma ogula akukonzekera tsiku lomwe adzafune tsamba lochepa. Tsikulo likadzafika, adzasankha alimi ochepa, a pa kontirakiti, otha kutsatira malamulo okhwima a kalimidwe.

Mlimi wa ekala imodzi, wogulitsa kwa mavenda kapena wozembetsa mabelo usiku kudutsa malire, ndiye adzayambe kutsala.

Alimi adalawako kale zoterezi. Mu Novembala 2019 dziko la America lidaimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito. Chiletsocho chidachotsedwa pa kampani imodziimodzi, kuyambira Alliance One ndi Limbe Leaf mu 2020, zitaonetsa kuti zikutsata bwino komwe tsamba lawo likuchokera. Chiganizo chomangidwa ku Washington chidagwedeza zigafa za ku Mchinji.

Ndipo tisaiwale ichi. Kachipangizo kangachotse moto pa ndudu, koma sikachotsa chikonga pa tsamba lonyowa. Wothyola fodya m'mawa mame asadaume amayamwa chikonga kudzera pakhungu, n'kuyamba chizungulire, litsipa ndi kusanza. Lipoti la bungwe la Plan International la 2009 lidati ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi amatha kuyamwa chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku limodzi.

Kaya tsambalo likathera mu ndudu, kaya mu kandodo ka batire, manja othyola ndi omwewo.

Chifukwa chiyani sasintha mbewu?

Funsoli alimi adatopa nalo. Yankho lawo n'lomveka.

Fodya ali ndi msika wodziwika. Ali ndi ngongole ya feteleza ndi mbewu. Ali ndi alangizi obwera ndi njinga yamoto mpaka kumunda. Mtengo wake amawerengera m'madola. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kwa mlimi, malonjezo a misika ya mbewu zina akhala a pachala kwa nthawi yaitali.

Mlimi wa soya amadziwa mmene zimapwetekera kukolola zambiri, kenako mavenda n'kubwera ndi masikelo awo ndi mitengo yawo, boma litalengeza mtengo wina.

Komabe Mchinji ili ndi poyambira. Nthaka yake imabereka mtedza wodziwika dziko lonse. Alimi a m'bungwe la MASFA, lomwe lili pansi pa NASFAM, akhala akugulitsa mtedza mpaka ku Britain kudzera m'misika ya Fairtrade. Soya, mpendadzuwa, chimanga ndi mbatata ya kachewere zimachita bwino. Msewu wa M12 ukulumikiza bomali ndi Lilongwe, ndipo chipata chamakono cha Mwami, chomwe atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsegulira mu Disembala 2022, chidafupikitsa nthawi yodutsitsa katundu.

Ngakhale ogula fodya eni ake ayamba kutembenuka. Kampani ya Pyxus, yomwe ndi eni ake a Alliance One, idamanga fakitale yokonza mtedza ku Kanengo ndipo ikulemba alimi a mtedza pa kontirakiti. Bungwe la Foundation for a Smoke-Free World, lomwe lidayamba mu 2017 ndi ndalama za Philip Morris, lidathandiza kukhazikitsa likulu la Centre for Agricultural Transformation ku Lilongwe, loyesa mbewu ndi njira zatsopano za ulimi kuti alimi asadalire fodya yekha.

A zaumoyo amakayikira thandizo lililonse lochokera ku ndalama za fodya, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Koma uthenga wake mlimi aumve. Ngati wogula fodya wayamba kukuuza kuti ulime mtedza, ndiye kuti waona kanthu kutsogolo.

Mu 2021, potsegulira nyengo ya msika wa fodya, Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko, adanena poyera kuti ulimi wa fodya ukulowa pansi ndipo dziko liyenera kupeza mbewu zina. Ena adakwiya nawo mawuwo. Koma zomwe makampani akuchita zikuloza komweko.

Lamulo lili kuti?

Kwa zaka zambiri dziko la Malawi lidakana kulowa m'pangano la mayiko lothana ndi fodya, lotchedwa FCTC, poopa kupweteka alimi. Dziko la Zambia lidalowa mu 2008, ndipo chaka chomwecho lidaletsa kusuta pamalo a anthu ambiri. Malawi lidalowa mu Ogasiti 2023.

Panganoli sililetsa kulima fodya. Limafuna kuti boma liteteze anthu ku utsi, liletse kutsatsa fodya, likweze misonkho, liletse kugulitsa kwa ana, komanso lithandize alimi kupeza njira zina zopezera ndalama. Mu 2018, pa msonkhano wa ku Geneva, mayiko a m'panganoli adagwirizana kuti fodya wotenthetsa ndi fodya basi, ndipo malamulo onse a fodya amukhudze.

Mayiko atenga njira zosiyana. Dziko la India lidaletseratu tizipangizoti mu 2019. Mayiko a mu European Union amalola, koma kuyambira 2023 adaletsa timitengo tonunkhira zipatso ndi zina zokopa achinyamata. Japan amalola ndipo amadula msonkho.

Kwathu kuno lamulo la Tobacco Industry Act likukamba za kulima ndi kugulitsa tsamba: ziphaso, makontirakiti, ntchito ya Tobacco Commission. Si lamulo loteteza mapapo a anthu. Mwana wa sukulu amatumidwa kukagula ndudu pa okala, n'kubwera nayo popanda womufunsa.

Boma la m'malire limaona zinthu msanga. Kupatula chipata cha Mwami, pali tinjira tambirimbiri todutsa m'minda ndi m'midzi momwe mbali ina ya banja ili ku Malawi, ina ku Zambia. Shuga, feteleza, chimanga, mowa ndi mabelo a fodya zakhala zikudutsa m'tinjira timeneti. Kachipangizo kokwana m'thumba la malaya sikangavute kudutsa.

Chodutsa mozemba sichikhala ndi wochiyang'anira. Palibe wotsimikiza za batire yake, za zomwe zili m'timitengo take, kapena za msinkhu wa wogula.

Lamulo likufunika malondawa asadazike mizu, osati pambuyo pake.

Njira yomwe ilipo kale

Pali chinthu chimodzi chomwe madokotala onse, ngakhale makampani a fodya amene, amavomereza: njira yabwino koposa ndi kusiyiratu.

Phindu lake silichedwa. Malinga ndi WHO, pakatha mphindi 20 munthu atasiya, mtima umayamba kugunda modekha. Pakatha maola 12, mpweya wa poizoni m'magazi umatsika kufika pa mlingo woyenera. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka. Pakatha zaka khumi, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakhala pafupifupi theka la cha wosuta.

Kusiya sikophweka. Chibaba chimavuta kwambiri m'masabata oyamba, ndipo ambiri amagwa kangapo asadapambane. Koma uphungu wa mphindi zochepa kuchokera kwa dokotala kapena namwino umathandiza. Kuuza banja ndi anzako tsiku losiyira kumathandiza. Kupewa malo ndi nthawi zomwe umasutira, makamaka pa mowa, kumathandiza. Palinso mankhwala othandiza kuthetsa chibaba omwe WHO idawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira.

Izi ndi zomwe wosuta wa ku Mkanda ndi ku Kapiri akusowa. Alangizi a zaumoyo amafika kale m'midzi ndi uthenga wa katemera, kolera ndi malungo. Atapatsidwa maphunziro, angafikenso ndi uthenga wa fodya. Mipingo, mizikiti, mafumu ndi mawayilesi a m'madera ali ndi mawu omwe anthu amamvera.

Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo, ntchito ili poyera: akhazikitse lamulo loteteza anthu ku fodya, lotchula ndudu, mavepu ndi fodya wotenthetsa, loletsa kugulitsa kwa ana ndi kutsatsa pa intaneti.

Kwa unduna wa zaulimi ndi mabungwe a alimi monga TAMA, nthawi yokonza misika yodalirika ya mtedza ndi soya ndi ino, pamene fodya akadabweretsa ndalama zoyambira.

Kwa mlimi, gawani munda. Musaike banja lonse pa belo.

Ndipo kwa inu amene simudayambe kusuta, kaya wina akuonetseni kachipangizo kokongola bwanji, m'kati mwake muli fodya. Musayambe.